Mark X 250G, F package, S package, Premium... zilembozi zikutanthauza chani? Thandizeni ndisanatumize ndalama

Mlimi_wa_ku_Santhe walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ine ndine mlimi wa fodya ndi soya kuno ku Santhe, ndimangowerenga za anzanga koma kulemba nkoyamba. Chaka chino mabelo ayenda bwinoko ku Chinkhoma nde ndati ndidzipepese, zaka zonsezi ndakhala ndikuyendera kapikapu konyamulira feteleza kamene ngakhale ku ukwati ndimakaimika kuseri kwa tchalitchi. Mtima wanga uli pa galimoto ya Toyota Mark X basi, ija ya 2010 kupita mtsogolo, chonde musandiuze za Axio kapena Sienta, mayi akunyumba andiuza kale zimenezo mpaka makutu kuwawa kkkk.

Vuto ndi ili. Mphwanga wandionetsa pa foni magalimoto a ku Japan, nde Mark X yomweyomweyo, chaka chimodzi, makilomita osasiyana kwenikweni, koma mitengo kusiyana ndi madola mazanamazana. Ina alemba 250G, ina 250G F package, ina 250G S package, ina Relax Selection, ina Premium, kulinso 350S ndi 250G Four. Mphwangayo akuti F ndiye kuti full, ili ndi zonse, ndipo akuti titenge msanga ena asanaione poti ndi yotchipa kuposa zinzake zonse. Ine mtima ukukana, chinthu chokhala ndi zonse chingatchipe bwanji?

Komanso kuli mkulu wina ku Lilongwe akunditsatsa BMW 320i yolowa kale, ati ndi M Sport, ati imathamanga ngati M3. Ine zimenezi sindizidziwa. Ndimayenda Santhe, Kasungu boma, Lilongwe, ndipo kuchoka pa tala kukafika pakhomo pali kamsewu kafumbi makilomita ngati asanu ndi awiri, nthawi ya mvula kamakhala ndi makhwawa ake. Nditenge iti?


Makanika_KU walemba:

Bambo a ku Santhe mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke, ambiri amabwera ku galaja kudzafunsa galimoto ili kale pakhomo. Mphwanu muuzeni akhale pansi kkkk. F package si full ayi, imeneyo ndiye ya pansi penipeni, anatenga 250G nkuchotsamo zina kuti mtengo utsike. Imabwera ndi malimu achitsulo ovindikira ndi ma wilukapu apulasitiki, mipando yokankha ndi dzanja, ndipo zomwe zadutsa m'manja mwanga nyali zake ndi za mababu wamba achikasu aja, kuliza kwake ndi kiyi wopotokola osati batani. Siyoipa, injini ndi giyabokosi ndi zomwezo za 250G, koma musaigule mukuganiza kuti mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Kuti musasokonezeke muziyamba ndi nambala kenako chilembo kenako mawu akumapetowo. Nambala ndi injini. 250 ndi V6 ya 2.5 yomwe timaitcha 4GR, pa Mark X yachiwiriyi, imene inayamba kumapeto kwa 2009 nkusiya kupangidwa mu 2019, imatulutsa mphamvu ya mahatchi 203. 350 ndi 3.5, 2GR, mahatchi 318, chilombo chenicheni. Pa yakale ija ya 2004 mpaka 2009 kunali 250 ndi 300. Kusiyana kwa liwiro kuli pamenepo basi. Mawu oti package aja sakhudza injini olo pang'ono, amangokuuzani zomwe ku fakitale anawonjezera kapena kuchotsa.

Relax Selection ndi 250G yowonjezera za mtendere wa mkati, monga mipando yakutsogolo yoyenda ndi magetsi. S package ndiye ya anyamata, bampa yake ndi ina, kumbuyo kuli kasipoila, kuseri kwa chiwongolero kuli timapadulo tosinthira magiya ndi zala, ndipo mashoko ake ndi a magetsi aja amati AVS, mukadina batani la sport amalimba. Pa tala wosalala imakoma kwambiri sindinama. Koma tsiku limene mashoko amenewo adzathe mudzandikumbuka, mtengo wake si wa mashoko wamba ndipo pano pa boma simungawapeze, mpaka Lilongwe kapena kuitanitsa kunja. Anthu ambiri amangoika wamba, batani lija nkusanduka chokongoletsa, nde munalipiriranji S yo?

Premium chenjerani nayo. Zoyambirira, 2009 mpaka cha mu 2012, zinali za 3.5, Premium ya 2.5 inabwera atasintha nkhope mu 2012. Nde munthu amangoona mkati mokongola nkugula, kenako akudabwa kuti petulo akuthera kuti. Njira yosanama ndi chasisi nambala. GRX130 ndi 2.5 yokoka ndi matayala akumbuyo, GRX133 ndi 3.5, GRX135 ndi ija ya Four yokoka ndi onse anayi. Pa yakale ndi GRX120, 121 ndi 125 mwa dongosolo lomwelo, kungoti 121 ndi 3.0. Baji ya pa buti munthu atha kumata ndi guluu koma chasisi siinama.

Za Four musanyengeke nazo kuti ndiye mwapeza Hilux. Anaipangira chipale chofewa cha kumpoto kwa Japan osati makhwawa a ku Santhe, mimba yake ili pansi chimodzimodzi, masentimita ngati 15 basi, ndipo zambiri zochokera kozizira kuja pansi pake pamakhala dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu. Kwa msewu wanuwo ine ndikanatenga 250G wamba kapena Relax Selection ya matayala a 215/60R16, tayala lonenepa limameza mabampu ndipo likaphulika mulipeza.


NaPhiri_Mtunthama walemba:

A Makanika afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za mapepala poti ndaitanitsako magalimoto angapo, anga ndi a abale, ndipo ndinapusitsidwapo kamodzi nde ndinaphunzira ndi misozi.

Mawu oti giledi ku Japan amagwira pawiri ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Pali giledi ya mtundu wa galimoto, yomwe ndi 250G, S package ndi zinazo. Ndiye pali giledi ya ku okushoni, ija amapereka oyendera galimoto, 3.5, 4, 4.5, 5, ndipo mukaona R ndiye kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Mkati amapereka A, B, C. Wogulitsa akakuuzani kuti bwana iyi ndi top grade mufunseni kuti iti, chifukwa F package itha kukhala 4.5, yoyera ngati yatsopano koma yopanda kanthu, pomwe Premium itha kukhala R. Ine pa ziwirizi ndingatenge F ya 4.5 tsiku lililonse. Pemphani pepala la ku okushoni, ngati akuzengereza mudziwe kuti pali chobisa. Lalembedwa m'Chijapani inde koma zilembo zina zimawerengeka, SR ndi sanirufu, AW ndi malimu a aloyi, PS ndi pawa sitiyaring'i, PW ndi magalasi a magetsi, ndipo zotsalazo mphwanuyo ajambule ndi Google Translate.

Chachiwiri, giledi ndi china, ma option ndi china. Munthu woyamba kugula galimotoyo ku Japan amasankha giledi kenako nkuwonjezera zomwe akufuna payekhapayekha, sanirufu, mipando yachikopa, kamera yobwerera m'mbuyo, malimu akuluakulu. Nchifukwa chake 250G ziwiri za chaka chimodzi sizifanana, ndipo simunganene kuti poti mnzanga ali ndi S package ya malimu a 18 ndiye yanga ibweranso choncho. Muziona zithunzi chimodzichimodzi, chiwongolero, mabatani a m'mbali mwa mpando, denga, buti atsegule muone sipeya ndi jeke. Chomwe sichikuoneka pa chithunzi muzingoti palibe.

Ndipo pali ma option ena amene kuno ndi ziro, musawonjezere olo dola imodzi chifukwa cha iwo. Navigesheni ya Chijapani ili ndi mapu a ku Japan okhaokha, mayi wa mmenemo amangolankhula zake mukudutsa pa Bua iye akuganiza muli ku Nagoya. TV yake sigwira kuno. Kabokosi ka ETC nka ma toligeti a kwawo, pa toligeti ya kuno mulipirabe ndi dzanja. Wailesi yake imayambira 76 kulekeza 90 pomwe ma siteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108, nde ambiri simuwamva mpaka muike ka ekisipanda kapena kusintha wailesi yonse. Zotenthetsa mipando kaya, mwina mu June m'mawa kkk. Mipando yachikopa yakuda mu October pa Kasungu ndi chilango, ine ndinachita kugula nsalu zoyala.

Za dyuti, a MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, nde 3.5 ndi 2.5 sizilipira mofanana olo pang'ono. 2.5 ija pa pepala ndi 2499cc, 3.5 ndi 3456cc. Musanatumize ndalama mupatseni ejenti wanu chasisi nambala, chaka ndi mwezi akuwerengereni zonse mpaka pa Songwe, chifukwa mtengo umene mukuona pa foni nthawi zambiri ndi wa galimoto ili ku Japan kapena yofikira pa Dar es Salaam basi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kusiyana kwa madola mazana atatu si nthabwala ayi, ndi matumba angati a feteleza amenewo.


Jay_M3 walemba:

Eeh koma madala mukumuopseza munthu bwanji kkkkk. Munthu wanena yekha kuti akufuna kudzipepesa inu mukumupatsa galimoto ya abusa. Ngati nkhani ndi mabampu bwanji osangokhala pa pikapu pomwepo? Sport sedan amagulira kuti ukamakhota pa liwiro galimoto izigwira msewu osati kuyendera mbali ngati bwato, ndipo mbali za M1 zomwe akonza zija S package mungaimve kukoma ankolo. Ine ndili ndi 320i M Sport chaka chachitatu tsopano ndipo sindinong'oneza bondo.

Koma pa za mkulu wa ku Lilongwe uja ndikhale wachilungamo, akukunamizani. M Sport si M3. M Sport ndi zovala, mabampa, mipando yogwira m'nthiti, chiwongolero chonenepa, malimu, ndi masipuling'i otsitsa galimoto pang'ono nkuilimbitsa. Injini ndi yomweyo ya 320i wamba, 2.0 ya masilinda anayi. M3 ya mtundu umene amautcha E90 ili ndi V8 ya 4.0, mahatchi 420, ndi nyama ina kotheratu. Zili chimodzimodzi ndi Audi, S line si S4, Benz ya AMG package si C63, Lexus ya F Sport si IS F. Ma kampani onsewa anazindikira kuti anthufe timafuna maonekedwe a yothamanga pa mtengo wa yoyenda pang'onopang'ono nde amatigulitsa malaya ake. Kunena zoona Mark X 250G yanu ya abusayo imaisiya m'mbuyo 320i ya E90 pa mzere wowongoka, zimandiwawa kuvomera koma ndi choncho.

Mukafuna kudziwa ngati ndi M Sport yeniyeni tengani zilembo 7 zomaliza za VIN, yomwe ndi chasisi nambala, muike pa ma decoder a BMW pa intaneti, imatulutsa zonse zomwe inatuluka nazo ku fakitale, muyang'ane kodi 337. Ikapanda kuoneka ndiye kuti mabampawo anavekera kuno kapena ku Joni. Chinanso ma BMW amenewa anabwera ndi matayala a run flat, aja oyendabe pang'ono olo ataphwa mpweya, ndipo malo a sipeya mu buti mulibe, anthu akafika nazo kuno amaika matayala wamba poti run flat ndi odula, mapeto ake ulibe run flat ulibenso sipeya. Ine ndimayenda nalo tayala mu buti, katundu pa mpando.


Che_Kamwendo walemba:

Jay wanena zoona zake koma iye amagona pa tala, ankolowa ali ndi makilomita asanu ndi awiri a fumbi kawiri pa tsiku. Ndikuuzeni zanga achimwene.

Ine ndimagula mtedza ndi soya kuno ku Kamwendo, zaka zapitazo ndinagula Benz C200 Kompressor ya mtundu wa W204 kwa mnyamata wina mu Lilongwe, sinditchula malo. Pa buti baji ya AMG, malimu a 18 onyezimira, kutsogolo nyenyezi yaikulu pa gililo, iye nkumati bwana iyi ndi Avantgarde AMG ku Malawi kuno zilipo zowerengeka. Ndinalipira mowonjezera ndikusekerera. Patatha miyezi ndinapita nayo kwa makanika wodziwa ma Benz, anangoyang'ana pa boneti nkuseka, akuti bwana galimoto yanu ili ndi nyenyezi ziwiri, yoimirira pa boneti ndi ya pa gililo, pa W204 yoimirira ija ndi ya Classic ndi Elegance, Avantgarde yake ndi ya pa gililo. Titayang'ana ma kodi inapezeka kuti ndi Classic, ya pansi penipeni, anangosintha gililo ndi malimu nkumata baji. Fisi anam'veka chikopa cha nkhosa, kapena tinene nkhosa anaiveka cha fisi, kaya.

Koma chimene chinandipweteka si bajiyo ayi, ndi malimuwo. Tayala la 18 mnofu wake ndi wochepa ngati lamba, ukangomenya dzenje limodzi usiku pa M12 tayala chotupa m'mbali, limu kupindika. Chaka chimodzi ndinasintha matayala atatu ndipo lina linandithera cha ku Kapiri dzuwa litalowa, saizi imeneyo kumeneko ungaipeze kuti, ndinagona pa mpando mpaka m'mawa mnyamata wanga anachita kubwera nalo pa minibasi kuchokera ku Lilongwe. Pamapeto ndinatsitsa nkuika 16, galimoto inasintha ngati ndagula ina, phokoso la m'kati linatha, mahampu a pa ma trading centre ndinasiya kuwadutsa chammbali ngati nkhanu.

Nde mukamaona 350S dziwani kuti imabwera ndi 235/45R18, komanso ku Japan 3.5 imamwa petulo wa okiteni yapamwamba pomwe 2.5 ya 2009 kupita mtsogolo anaikonza kuti izimwa wamba. Thanki ndi malita 71. Ndi mizere ya pa filing'i siteshoni imene timaiona ija, ganizani kaye.


Mai_a_Tada walemba:

Ine ndili mbali ya mayi akunyumba, Sienta inakulakwirani chani kkkkk. Mbuzi ya pa Khirisimasi mudzaikweza pa mipando yachikopayo?


Mlimi_wa_ku_Santhe walemba:

Kkkk mayi mbuzi ili ndi pikapu yake, sindikugulitsa. Zikomo nonse, mphwanga ndamuwerengera zonse ali phee, akuti iye anangomva kwa anzake. BMW ija ndaisiya, ndinamupempha mkuluyo VIN dzulo madzulo mpaka pano akungoti ali mu miting'i.

Tsopano zatsala ziwiri. Yoyamba 250G Relax Selection ya 2011, GRX130, malimu a 16, mipando yansalu, pepala la okushoni atumiza ndi 4, mkati B. Yachiwiri alemba 250G S package ya 2012 koma a Makanika ndaonetsetsa chithunzi cha chiwongolero timapadulo tija sindikutiona, sipoila yokha ilipo pa buti, ndipo pepala la okushoni akuti alibe. Ingakhale S yopanda timapadulo? Komanso wina pa msika wandiuza kuti injini za 4GR zimatsekeka ndi mwaye, nzoona?


Makanika_KU walemba:

Yachiwiriyo ikayikireni bambo. Sipoila ndi ya mabawuti awiri kapena tepi, aliyense atha kuika, koma timapadulo ndi batani la mashoko palibe amene angataye nthawi kuzichotsa. Auzeni ajambule chiwongolero chapafupi, mabatani a pafupi ndi giya, ndi kapuleti ka fakitale kamene pali model yonse ndi ma kodi a penti ndi mkati. Nthawi zina si bodza ladala ayi, olemba ma listing aja amalemba magalimoto mazana pa tsiku nde amangokopera ya pamwamba, koma kaya ndi dala kaya ndi ulesi inu mulipira mtengo wa S pa galimoto yomwe si S. Onaninso nkhope, ya 2012 itha kukhala yakale kapena yatsopano poti anasintha chaka chomwecho, zimenezi zimakhudza nyali ndi bampa tsiku limene mudzagunde mbuzi pa Chinkhoma.

Za mwaye nzoona pang'ono. 4GR imapopera petulo molunjika mu silinda, amati D-4, nde mavavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi petulo ngati injini zakale, pakapita nthawi pamaunjikana zakuda makamaka galimoto yongoyenda timaulendo tifupitifupi ndi oilo wotchipa wosasinthidwa. 2GR ya 3.5 ili ndi ma injekita a mbali zonse ziwiri nde vutoli ndi lochepa, koma chimenecho si chifukwa chogulira 3.5. Inu ndi maulendo anu a Lilongwe makilomita oposa 100 injini izitentha bwinobwino, muzingothira oilo wabwino pa nthawi yake, ndipo chifukwa cha fumbi lanulo eya fyuluta muziiona pafupipafupi kusiyana ndi mmene buku likunenera.

Relax ya 2011 ija mufunse zithunzi za pansi, ndipo muone ngati pepalalo makilomita ake akugwirizana ndi a pa dashibodi. Ikamabwera idutsa konkuno pa M1 kuchokera ku Songwe, dalaivala aime pa boma tiikweze pa pit tione kaye, tithire oilo watsopano, ndipo ndikupangireni chitsulo chotchinga sampu, mosungira oilo pansi pa injini, isanalawe msewu wa kwanuwo.


NaPhiri_Mtunthama walemba:

Ndipo ya 2011 yo muuzeni ejenti awerenge zaka bwinobwino, dyuti yake si ya galimoto ya zaka zisanu ayi, musadzadzidzimuke pa boda. Mumuuzenso dalaivala ajambule sipeya, jeke, ma kapeti ndi kakhadi ka mu wailesi akangoilandira pa doko, tinthu timeneti timakonda kumera miyendo pa njira ndipo mawailesi ena akasowa kakhadiko amangoonetsa uthenga wa Chijapani osayimba kanthu.


Mlimi_wa_ku_Santhe walemba:

Zithunzi za S ija atumiza m'mawa uno. Timapadulo palibe, batani la mashoko palibe, ndipo poliza pali kabowo ka kiyi, malimu okha ndi aloyi ogula padera. Ndiye kuti ndi F yovala sipoila eti a Makanika? Ndawayankha kuti zikomo. Ya Relax atumiza za pansi, ine ndikuona poyera koma maso anga ndi a fodya, ndakutumizirani ku inbox muonenso inu. Mayi akunyumba aona mipando yoyenda yokha ija pa vidiyo, za Sienta lero sanatchule, angofunsa ngati ilipo yofiira.